Phazi la Amayi Silipita Kumsika

Loweruka, 17 Meyi

Ndadzuka nditatsimikiza mtima kuti nkhani ya phazi la Amayi ithe lero. Chondidzutsa ndi mawu awo aja a m'mawa uliwonse akangoponda pansi: "Mayo ine." Chidendene cha kumanzere chimawabaya ngati aponda msomali. Akayendayenda chimalekako, koma kutsika phiri mpaka m'tauni ndi dengu la masitirobere pamutu sakutha. Dengulo ndakhala ndikusenza ndine, moti sabata ino kusukulu ndaonekako mwa apo ndi apo. Mayeso a Fomu 4 ayandikira. Aphunzitsi a Bayoloje anandifunsa pamaso pa anzanga ngati ndakwatiwa.

Kuchipatala anamwino anawauza Amayi kuti asiye mapatapata, azivala nsapato zotseka, ndipo m'katimo aikemo zoyala zochirikiza phazi, zochindikala kuchidendene, zotukuka pakati pomwe phazi limakumbika. Nsapato ali nazo, zansalu zoyera zija amavala ku Mvano. Zoyala ndinagula sabata yatha mongoganizira, zasiponji, poona kuti ndi zofewa. Asanafike n'komwe padamu la Mulunguzi zinali zitaphwatalala ngati chitumbuwa chopondedwa, ndipo anabwerera akutsimphina.

Ndiye m'mawa ndinatenga katoni ndi beseni la madzi. Ndimafuna aviike phazi, aponde pakatonipo, ine ndidule motsatira chidindocho kuti ndikayezere.

"Upite nacho kuti?" anafunsa.

"Kumsika, Amayi. Ndikapeze zoyala zogwirizana ndi phazi lanu."

"Phazi langa lizikazungulira msika wa Zomba, aliyense n'kumaligwira? Iwe, sukuluyi ikukuthandiza koma?"

Chifukwa chake ine ndikuchidziwa. Amakhulupirira kuti wina mwa azimayi omwe amagulitsa nawo anawatapa phazi, anatola dothi pomwe iwo anaponda n'kukalichitira mankhwala. Kutchalitchi sangavomere zimenezi. Ndinawakumbutsa kuti iwo ndi mayi wa Mvano. Anayankha kuti ngakhale abusa athu ali ndi loko pachitseko.

Ndinatuluka panja mtima ukuwira. Koma kukangana nawo sikukanandibwezera m'kalasi. Ndinatenthetsa madzi aja n'kuwauza kuti ndiwathowe, ndipo izi sanakane. Ndikuthowa ndinaliphunzira phazilo. Kutalika kwake ndi dzanja langa lotambasula, kuwonjezapo zala zitatu zopingasa. Chidendene chimadzaza chikhatho changa. Nditawapempha kuti aimirire, ndinaona kuti pokumbika paja pamangolowa chala chimodzi, ndipo kutsogolo phazi limatambasuka kuposa mmene limaonekera atakhala pansi.

"Ukundiyezatu iwe," anatero.

"Ndikukuthowani."

"Katoni usatenge."

"Sinditenga. Ndingotenga manja angawa."

Anaseka, n'kundikankha ndi phazi labwinolo.

Ndinatsika ndi dengu chifunga chisanathe. Masitirobere atatha ndinapita kwa bambo wina wogulitsa nsapato za kaunjika, yemwe amakhalanso ndi zoyala m'thumba pambali pa benchi yake.

"Saizi chani, achemwali?"

Ndinatenga choyala chimodzi, kutambasulapo dzanja, n'kuikapo zala zitatu.

"Mukugulira phazi kapena dzanja? Magolovesi ali kuseri uko."

Anzake oyandikana naye anaseka. Ndinachita manyazi, koma sindinachoke. Anandipatsa zasiponji zomwe zija, ati zofewa ngati matiresi a kuhotela. Nditazitsina zala zanga zinakumana, ndiye ndinamubwezera. Kenako anatulutsa zina zomwe amazula m'nsapato zothamangira za kaunjika. Zinali zolimba bwino, ndipo ndinatsala pang'ono kutenga. Nditaziyang'anitsitsa ndinaona madindo akuda a zala za mwini wake woyamba. Amayi omwe akukana kuti phazi lawo lipite kwa anthu sangalole kuponda paphazi la munthu wosamudziwa. Komanso pokwera pake panali patapendekera kale mbali yomwe munthuyo ankapondera.

Ndinasanthula thumba lonse mpaka bamboyo anakhala pansi n'kugwira tsaya.

"Amene adzakukwatireni inu ndamumvera kale chisoni," anatero.

"Nayenso ndidzamusankha chonchi," ndinayankha.

Pansi penipeni ndinapeza zatsopano, zikadali m'pepala lake. Kuchidendene ndi zokumbika ngati kambale, pakati zotukuka pang'ono, mongokwana chala chimodzi chija. Ndikazipinda zimagonja kutsogolo kokha, pakati ayi. Ndinasindikiza chala chachikulu kuchidendene, panalowa pang'ono n'kubwerera. Ndinatenga zimenezo.

Kunyumba Amayi anazitembenuza uku ndi uku, kuzinunkhiza, kuziyang'ana padzuwa.

"Palibe anavalapo?"

"Palibe. Pepala lake ndi ili."

"Koma kuuma kwake ngati thabwa. Wandigulira chilango?"

Anaziikabe m'nsapato, navala, natenga kandowa kupita kumtsinje. Ndinaima pakhomo kuwayang'ana kumbuyo. Akutsimphinabe, sindinama, koma chidendene chija chimafika pansi. Kwa nthawi yaitali akhala akuyendera zala zokha. Pobwera anati chidendene chili bwinoko, koma kachala kakang'ono kakupanikizika. Nditavula nsapatoyo ndinapeza choyala chitapindika kutsogolo. Chatalika pang'ono, dzanja langa linawonjeza.

Madzulo ano tikusadzula masamba anati Lolemba ndisenzebe dengu, tione kaye mmene phazi likhalire. Ndinawayankha mwaulemu kuti Lolemba ndili ndi Masamu m'mawa, ndipo ndikakhalapo. Anandiyang'ana, n'kupitiriza kusadzula masambawo.

Mawa tikaweruka kutchalitchi ndidula kutsogolo kwa choyalacho ndi lezala, pang'onopang'ono, iwo akuyesa, mpaka chigone bwino. Zingwe za nsapato ndiwamasulira pomwe pali kachala paja. Tikatero titsika limodzi mpaka pamsewu wa tala ndi kubwerera, dengu lili pamutu pawo, ine ndili pambuyo kuona mmene akupondera. Chidendene chikapwetekabe ndikagwada kwa mayi a nyumba yoyandikana nafe kuti atigulitsireko masitirobere sabata imeneyi. Yunifolomu ndachapa kale, ili pachingwe. Ndiisita mawa lomwelo.