Mwana wa Akapitawo Sathethedwa

Sukulu itangokhala yaulere tinadzaza m'kalasi mpaka ena kumakhala pawindo, koma pa chikhamu chonsecho mwana wosalakwa ndinali ine ndekha. Ankatero ndi bambo anga, kapitawo wa pa esiteti ya tiyi, munthu amene ankalipidwa chifukwa chopeza cholakwa m'dengu la mnzake. Loweruka lililonse ankakhala pakhonde la nyumba yathu ya kampani n'kumatsegula makope anga tsamba ndi tsamba. Akamaliza ankaitana aneba.

"Mwaona? Wangayu sathethedwa. Ndi wa kusekondale yogonera konko ameneyu, sadzatchola tiyi ayi."

Chimene sankadziwa n'chakuti ndinali ndi cholembera changa chofiira, chogula pa msika wa Chitakale. Aphunzitsi akandithetha, ndinkang'amba tsambalo, n'kukopera mwaukhondo mayankho a mnzanga, n'kudzichonga ndekha. Kusaina ndinkasaina bwino kuposa eni akewo. Pa mayeso a teremu tinkakhala mothinana, ndiye maso ankangoyenda okha. Ndinafika Sitandade 7 ndisakudziwa masamu ogawa aatali aja, ndipo kufunsa sindikanatha. Mwana wosalakwa afunsanso chiyani?

Tsiku lina ahedi analengeza kuti kukubwera mayi wina wa kukoleji kudzayeza ana. Kuyezedwa malungo tinkakudziwa, koma uyu ankati adzayeza mantha, kuti ana amaopa kulakwitsa mpaka pati. Ahedi sizinawasangalatse. Sukulu yawo ikapezeke ndi mantha? Anasankha ife a yunifolomu yochapa bwino n'kutitsekera m'kalasi masana awiri kutiphunzitsa kusaopa.

"Akakufunsani ngati mumaopa kulakwa, muziti chiyani?"

"Ayiii!"

"Wina angoyerekeza kunena kuti amaopa, aona polekera."

Mayiyo anafika nsapato zili matope okhaokha, n'kutigawira mapepala a mafunso. "Awa si mayeso," anatero. "Dzina musalembe. Palibe yankho lokhoza kapena lolakwa." Tinayang'anana. Pepala lopanda yankho lokhoza ndiye la ntchito yanji?

Mafunso oyamba ndinayankha monga tinaphunzitsidwira. Kenako ndinafika pa lina: "Ukalakwitsa, umabisa kuti ena asaone?" Ndinamva ngati wina wandisuzumira kubafa. Sindidziwa chimene chinandigwira, koma ndinachonga pamene panalembedwa kuti "nthawi zonse". Mtima unapepuka, sindinama. Aka kanali koyamba kulemba zoona papepala.

Kupepukako sikunakhalitse. Ahedi ankayendayenda m'mizere, ati kuthandiza mlendo, ndipo nsapato zawo zinkayandikira. Labala ndinalibe. Ndinanyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kukhutiza mpaka pepala linabooka.

Amene anayamba kufika pa ine anali mlendo uja. Ananjuta pambali panga, nayang'ana bowolo, nayang'ana ine.

"Mwanawe, pali chimene ukufuna kundiuza?" anafunsa motsitsa mawu. "Tikhoza kutuluka panja."

Mawu anafika pakhosi penipeni. Anali ochepa: sindidziwa kugawa. Chaka chathunthu chinali chikadalipo mayeso aakulu asanafike, ndipo aphunzitsi athu a masamu sanali munthu woipa. Koma ahedi anali ataima kumbuyo kwake, ndipo ahediwo ankapemphera tchalitchi chimodzi ndi bambo.

"Ayi madamu, pensuloyi ndi yakuthwa. Mundipatseko pepala lina, ili lada."

Anandipatsa. Ndinalidzaza mwaukhondo, ayi yekhayekha, ndipo ahedi analikweza m'mwamba kuti anzanga aone mmene mwana wopanda mantha amalembera. Zimene mayiyo anakalemba za ife sindinazimve. Ndimangomumvera chisoni kuti anayenda ulendo wonsewo kudzayeza bodza lochapidwa ndi kusita.

Mayeso a Sitandade 8 alibe chibale. Madesiki anawatalikitsa, oyang'anira anachokera kusukulu ina, maso anga anasowa kolowera. Pepala la masamu ndinalikongoletsa ndi mizere yowongoka ya rula, koma pakati pa mizereyo panalibe kanthu. Mayina a osankhidwa atatuluka, langa panalibe.

Bambo sanavutike n'kuganiza. Mwana wosathethedwa sangalephere, ndiye kuti malo ake agulitsidwa. Anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kundigwira dzanja mpaka kusukulu, kumene anawatchula ahedi kuti mbava pamaso pa aphunzitsi onse. Ahedi anandiyang'ana kuti mwina ndinenapo kanthu. Ine ndinalira, ndipo aliyense anaona ngati ndikulirira malo anga obedwawo.

Kuyambira pamenepo bambo anasiya kupereka moni kwa ahedi, ngakhale pamaliro. Nkhani ya malo obedwa ankaifotokozera mlendo aliyense wobwera pakhomo, ndipo akaiwala pena ndinkawakumbutsa ndine. Anamwalira akudana ndi munthu amene sanandibere kanthu, ndipo ahediwo anabwera kudzawaika.