Ramu yanga anaipala ndi tupa

A Injiniya a shopu ya makompyuta ya pa Chitakale, aja amavala magalasi pamphumi osati m'maso, andiphera kompyuta yanga ndi tupa. Musaganize kuti ndalakwitsa kulemba. Tupa. Yomweyi yonolera zikwanje ku esiteti. Ndikulemba kuti aliyense wa ku Limbuli, ku Muloza mpaka ku Milonde amve zimene zimachitika kuseri kwa katani ya shopu imeneyo.

Ine ndili ndi kachipinda kuseri kwa msika wa Limbuli. Muli mabenchi awiri, sikirini imodzi ndi kompyuta imodzi. Anyamata amabwera kudzamenya gemu ya mpira, awiriawiri, K300 mphindi khumi. Ndimadyera pomwepo. Munda ndilibe. Njinga yanga ya kabaza ndinagulitsa kuti ndigule kompyutayo. Ndiye ndikamati andiphera kompyuta, mumve kuti andiphera ntchito.

Vuto linayamba nditaika gemu yatsopano. Inkadukizadukiza. Wosewera akuthamanga ndi mpira, waima, kenako ungomuona ali kale pagolo. Mnzanga Zuze, wosintha ndalama paboda, amene amamenya gemuyi kuposa tonse, anandifunsa kuti, "Aise, osewera akowa ali ndi nyamakazi?" Anthu anaseka, koma ena anayamba kusabwera. Pomwe Loweruka likubwerali ndi la malipiro ku maesiteti, ndipo tinakonza mpikisano wa anthu sikisitini. Mphoto ndi tambala. Tambalayo ndinagula kale, ali pakhomo akudya gaga wanga.

Sindinangodzuka n'kupita kushopu ngati munthu wokagula tomato. Masabata awiri ndinkawerenga pafoni, kuonera mavidiyo, mabando a intaneti kutha. Ndinapeza kuti ndingasinthe zinthu ziwiri. China ndi khadi la zithunzi, koma mtengo wake ndi wa mbuzi zitatu, komanso likanafuna kuti ndisinthenso bokosi lamagetsi lam'katimo. Ndinazisiya. China ndi ramu, kathabwa kobiriwira kooneka ngati rula yaifupi, kamene kamathandiza kompyuta kunyamula zinthu zambiri nthawi imodzi. Yanga inali ya magigi folo, ndinkafuna kuwonjezera ya eyiti. Ndinatsegula kompyuta, ndinawerenga pa bodi, thabwa lalikulu limene zonse zimalumikizidwapo. Panalembedwa DDR3. Ndinakopera papepala, zilembo zikuluzikulu.

Lachitatu 7:30 m'mawa ndinakwera minibasi, kompyuta nditaikulunga m'chitenje cha mlongo wanga, ili pamiyendo. Kondakitala anailipiritsabe ngati katundu. Ndinafika pashopu 8:40. Pachitseko analembapo kuti amatsegula 8 koloko. Anatsegula 9:45. Palibe pepani. Mayi wapakauntala anayamba wasesa, kenako n'kukhala pansi kudya mandasi.

A Injiniya analowa 10:20, makiyi akulira m'chiuno. Ndinawapatsa moni mwaulemu, ndinawapatsa kapepala kaja. Anakayang'ana ngati ndawapatsa kalata ya maliro.

"DDR3 ndi zakale izi, achimwene. Ndikupatsani DDR4."

Ndinati bodi yanga imalandira DDR3 basi.

Anatembenukira kwa mayi uja. "Tamva? Akufuna fili pamene folo ilipo." Kenako kwa ine: "Folo ndi fili, chachikulu n'chiti?"

Ndinati nkhani si kukula kwa nambala. Ndinawafotokozera kuti ramu iliyonse ili ndi kampata kumunsi kwake, ndipo pamene imalowa pa bodi pali kamzere kotukuka kolowa m'kampatako. Kampata ka DDR3 ndi ka DDR4 sikali pamalo amodzi. Anazipanga dala kuti munthu asalowetse yolakwika.

Apa ndi pamene anandifunsa kuti sukulu ndinalekeza pati.

Ndinawauza. Sitandade 7. Sindibisa, aliyense ku Limbuli amadziwa. Iwo anati anaphunzira zamakompyuta zaka ziwiri mu Blantyre, ndipo sangaphunzitsidwe ntchito ndi munthu wa mavidiyo apafoni. Amene amandidziwa akudziwa kuti ine sindichedwa kuyaka. Koma ndinameza, chifukwa shopu ina yogulitsa ramu kuno kulibe, ndipo Loweruka linali pafupi. Ndinangoti, "Bwana, ngati DDR3 mulibe, ndiuzeni ndizipita."

Nthawi yomweyo anasintha. Akuti ayi, ilipo imodzi kunyumba, ya eyiti, yochokera ku Milange, yatsopano. Akuti ndisiye kompyuta, ndikazungulire, ndibwere 2 koloko ndidzaipeza ataika kale. Ramu K38,000, kuika K5,000. Ndinalipira. Ndinapempha lisiti, mayi uja anati buku latha.

Ndinakakhala pakhonde la golosale ina maola atatu ndi theka, ndikuyang'ana phiri. 2 koloko ndinabwerera. Kompyuta ili patebulo, yotseka, masikuluwu onse omanga. Ndinati tiiyatse ndione. A Injiniya anati magetsi azima. Zoona anali atazima, koma jenereta inali pakona pomwepo. Akuti mulibe mafuta. Ndinati ndiye nditsegule ndione ramuyo ndi maso. Akuti ndikatsegula ndekha, galanti yatha. Galanti yake iti, yopanda ndi lisiti lomwe?

Cholakwa changa n'chimenecho, ndikuvomera. Ndinanyamula osaona.

Ndinafika ku Limbuli cha m'ma 4 koloko. Magetsi analipo. Zuze anali atandidikirira pakhomo ndi anyamata ena anayi, aliyense akufuna akhale woyamba. Ndinalumikiza nthambo zonse. Ndinadina batani. Fani inazungulira kamodzi n'kuima. Kenako kaphokoso, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi. Kenako fungo. Amene munawotchapo pulasitiki mukulidziwa. Kautsi kanatulukira kumbuyo, kochepa, kosakwana ndi ka ndudu komwe.

Ndinazula pulagi. Ndinadinanso batani nditabwezera. Zii.

Ndinatenga sikuludiraiva, za galanti zija ndinaziiwala. Nditatsegula ndinapeza ramu yanga yakale ya magigi folo ataichotsa, palibe. Pamalo pake pali yatsopano, yokhala mopendekeka, mbali imodzi yolowa, ina yotukuka. Pamene inalowapo pada bii. Ndinaizula movutikira. Pakapepala komata pamwamba pake palembedwa DDR4, sanavutike n'komwe kukamatula. Nditaitembenuza ndinaona timipata tiwiri. Kena kakufakitale, kosalala bwino. Kena kokhotakhota, m'mbali mwake moyera, timawaya tagolide todukaduka. Pansi pa bokosi la kompyutayo panali fumbi lobiriwira.

Zuze anaitenga, anaiyang'anitsitsa padzuwa. Anati, "Iyi aipala ndi tupa. Mmene amachitira a njinga paboda, sipeya ikakana kulowa."

Ndi zoona, tonse timadziwa. Ekiselo ya njinga ya ku Mozambique ikakana pa felemu ya kuno, amapala pang'ono, amamenya ndi hamala, imalowa, munthu n'kupalasa mpaka ku Milange. Chitseko chikatupa ndi mvula timapala. Mpini ukakula timasema. Koma ramu? Kanthu koti m'kati mwake mumadutsa magetsi m'timizere tochepa kuposa tsitsi? Zaka ziwiri mu Blantyre anakaphunzira zimenezi?

Lachinayi 8 koloko ndinali pakhomo pawo. Ulendo uno anatsegula 9:10. Ndinaika kompyuta patebulo, ramu pambali pake. Mayi uja anati a Injiniya atuluka. Ndinati ndidikira. Kuseri kwa katani kunkamveka munthu akutafuna chinangwa. Ndinadikira mphindi fote, mpaka anatopa okha n'kutuluka.

Poyamba anati ndi magetsi a ku Limbuli, amabwera mwamphamvu. Ndinafunsa kuti nanga sikirini, foni ndi wailesi zimene zinali pa soketi yomweyo bwanji sizinapse. Anati ndiye ndi minibasi, inagwedeza zinthu. Ndinafunsa ngati minibasi imayenda ndi tupa. Ndinawaonetsa kampata kaja.

Sanachite manyazi. Ichi ndi chimene chikundiwawa mpaka pano. Anaitenga ramuyo, n'kuiyang'ana ngati mmisiri wonyadira ntchito yake. Akuti anangoithandiza pang'ono kuti ikhale bwino. Akuti azungu amaika timipata timeneti kuti tizigula zinthu zawo kawirikawiri, koma munthu wodziwa ntchito amadutsa pambali. Akuti wachitapo zimenezi kambiri.

Ndinafunsa kuti mwa makompyuta amene anawachita zimenezo, ndi angati akuyaka lero. Anati eni ake sanabwerepo kudzadandaula.

Ndinafunsa za ramu yanga yakale. Akuti imene yachotsedwa imatsala pashopu, ndi lamulo lawo. Lamulo lolembedwa pati? Ndani anandiuza? Ndiye kuti ndinalipira kuti andichotsere chinthu chamoyo, andiikire chakufa, chamoyocho n'kusunga iwo.

Kenako anandipatsa nzeru. Akuti bodi yapsa basi, palibe kuchitira mwina, koma mwayi wake ali nayo ina yolandira DDR4, andigulitsa motsitsa poti ndine kasitomala wawo. K150,000. Anatero akumwetulira. Mayi uja anawonjeza kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, n'kuloza pepala lomata kukhoma. Ndinaliwerenga. Palibe pamene palembedwa kuti katundu wa kasitomala amapalidwa.

Ndisaname, dzanja linali litagwira kale mpando. Ndinaona sikirini zawo zitatu zili pashelefu ndipo ndinadziwa imene ndingayambire. Chinandiletsa ndi chimodzi: ndikaswa kanthu, nkhani isanduka ya mnyamata wa ku Limbuli wosokoneza pashopu, ya tupa iiwalika, ine ndikagona kupolisi iwo akumwa tiyi. Ndinausiya mpandowo.

Nthawi imeneyo munalowa bambo wina wachikulire, wa jekete la kalaliki wa ku esiteti, atanyamula laputopu m'jumbo. Anati ikuchedwa kuyaka, mwana wawo wawauza kuti iwonjezeredwe ramu. A Injiniya anatsitsa magalasi, koyamba chiwaonereni, n'kutambasula manja kuti ailandire.

Ndinaima pakati. Ndinati, "Bambo, pepani, musanapereke taonani ichi." Ndinawapatsa ramu ija, ndinawaonetsa timipata tiwiri, ndinawanunkhitsa m'kompyuta yanga. Sindinawonjezere kanthu. Anayang'ana ine, anayang'ana a Injiniya, anabweza laputopu m'jumbo. Anati abweranso tsiku lina. Potuluka anagwira jumboyo ndi manja awiri.

A Injiniya anayamba kukuwa. Akuti ndikuwaonongera bizinesi, ayitana apolisi. Ndinati ayitaneni, nawonso ali ndi makompyuta kuofesi kwawo, aone.

Ndiye inu nonse mukuwerenga, mverani. Mukafuna kuwonjezera ramu, yambani mwawerenga pa bodi yanu, ndipo zimene palembedwapo ndi zomwezo, wina asakunamizeni ndi kukula kwa nambala. Musasiye makina anu kuseri kwa katani. Aziika inu mukuona, aziyatsa inu mukuona. Akati magetsi azima, khalani pompo mpaka ayake. Anyamata a mpikisano, Loweruka kulibe gemu, pokhapokha zitasintha mawa. Amene munalembetsa mubwere tidzakambirane, sindithawa.

Kompyuta ndaisiya patebulo pawo, nditaijambula mbali zonse. Ramu yopalidwayo ndatenga, ili m'thumba mwangamu. Ndisanatuluke ndinawayandikira a Injiniya, pafupi moti anabwerera m'mbuyo n'kutsamira shelefu, ndipo ndinawauza motsitsa mawu kuti amve bwino:

"Bwana, ine ntchito ndilibe tsopano, mwandichotsa ndinu. Ndiye nthawi ndili nayo yambiri. Mawa 8 koloko mundipeza pakhomo panu, ndi mkuja, ndi sabata yamawa. Sinditukwana, sindigwira munthu. Aliyense wobwera ndi kompyuta ndizingomupatsa moni, n'kumuonetsa kanthu aka. Tsiku limene mudzandiyatsire kompyuta yanga patebulo apa, ine ndikuona, ndi tsiku limene mudzayambirenso kulandira makasitomala."