Chaka Chimene Atate Anakana Kubzala

Fungo la nsawa zokazinga limasangalatsa anthu ambiri, koma osati ine. Chaka cha 1999, mvula yoyamba itagwa kwathu ku Luembe, nthaka inkanunkhira, ngumbi zikuuluka, ndipo anansi onse anali m'minda ndi makasu. Ife tinali m'khitchini, utsi ukutiwawa m'maso, tikukazinga nsawa zambewu kuti zikhale kamba wa paulendo. Amai ankatakasa paphale.

Atate anathawa nkhondo ku Mozambique, ndipo anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala. Anali munthu wa wailesi, woyanika mabatire padzuwa akafooka. Miyezi imeneyo wailesi inkangonena za makompyuta. Akuti makinawo amalemba chaka ndi manambala awiri okha, ndiye chaka chikatembenuka adzaona maziro awiri n'kuyesa kuti tabwerera zaka zana m'mbuyo. Ndege zidzagwa, magetsi adzazima. Kwathu kunalibe magetsi oti azime. Chimene atate anatolapo n'chakuti makina a boma adzaiwala kuti analoledwa kukhala m'dziko lino, ndipo malole adzabwera kudzatitaya kumalire.

"Chaka chino sitibyala," anatero. "Tibyalile ndani?"

Munda wathu unamera udzu pakati pa minda yobiriwira ya anzathu. Nkhuku tinazidya imodziimodzi popanda wokondwa nayo nyamayo. Zovala zinakhala m'mitolo kuseri kwa chitseko. Galimoto ikamveka kutali pamsewu wafumbi, amai ankaima ndi munsi m'manja mpaka phokosolo litazimirira.

Amai atawaumiriza kuti akafunse, atate ananditenga panjinga kupita ku Nyimba, poti ndinkawerenga Chingerezi. Tinalowa mu ofesi ya kampani yogula thonje, kumene kalaliki wake, a Njovu, ankawadziwa. Kompyuta ya mu ofesimo inali yofunditsidwa chitenje kuopa fumbi. A Njovu anaivundukula, nationetsa deti pakona pa galasi lake, manambala awiri a chaka aja. Anadinadina, chakacho chinaoneka chathunthu, manambala anayi. Kenako anati akankhira detilo kutsogolo kuti tione ndi maso athu.

Atate anasunthira kuchitseko, chipewa chili m'manja. Ine ndinagwira malaya awo. M'chipindamo munkanunkha thonje ndi mankhwala opopera, ndipo makinawo ankalira pansipansi ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Pagalasi panabwera 2000. Panja wogulitsa zitumbuwa anapitiriza kuitana makasitomala.

"Mwaona, bambo?" anatero a Njovu akuseka. "Lelo mwafika chaka cha mawa, simunafe. Palibe chizachitika. Pitani mukalime."

Ndinayang'ana atate ndikuyembekezera kuti aseka nawo. Nkhope yawo inali itauma gwa. Titafika kunyumba anangomangitsa mitolo ija ndi luzi latsopano.

Chaka chinatembenuka, malole sanabwere. Tinabzala mu Januwale mbewu zopempha, chimanga chinakula mpaka m'chiuno n'kuchita chikasu. Njala ya chaka chimenecho inali ya nyumba yathu yokha. Tinkapalira m'minda ya anthu kuti atipatse ufa, ndipo ana anzanga kusukulu ankandiitana mwana wa kompyuta. Ndinawakwiyira atate zaka zambiri. Ndinali nditaona ndekha kuti vuto lonse linatha munthu akudina ndi chala chimodzi, ndiye ndinkati anatigonetsa ndi njala chifukwa choopa bokosi.

Zina ndinazimva pamaliro awo, ndili kale ndi ana anga. Amai anandiuza kuti kumudzi kwawo kuja ku Mozambique, nkhondo ikuyandikira, kunabwera mkulu wina wa boma wooneka bwino, wolankhula mofatsa. Anauza anthu kuti palibe chidzachitike, apite akalime. Atate sanamvere, anathawira kuthengo ndi amai. Akulu awo a atate, a Jowakimu, anamvera, ananyamula khasu m'mawa mwake n'kupita kumunda, ndipo sanaonekenso.