Takhuta

Chaka chimene Shire adasefukira n'kugwetsa sukulu yathu yaudzu ku Tengani, boma silidamangenso ina. Yotsala inali kutali, kosayenda mwana. Mabanja asanu a tchalitchi chathu tidagwirizana zophunzitsa ana tokha, m'makomo mwathu, mosinthana.

Ine ndidalekezera Sitandade 6, ndiye adandipatsa masamu, Lolemba. Bolodi linali chitseko chakale chopaka makala, choko chinali chinangwa chouma. Tinkawerengera njere za thonje. Lachitatu ana ankapita kwa amayi ena amasiye kukawerenga Baibulo. Lachisanu nyimbo ndi kuloweza mavesi kwa akulu ampingo. Masiku otsalawo ankaingitsa mbalame m'mapira. Anyamata a chipani adabwera kamodzi kudzafunsa ngati unali msonkhano. Tidawaonetsa makhadi athu a chipani, adapita.

Tidachita zimenezo zaka zitatu. Mwana wanga woyamba, wamkazi, ankaposa onse. Ndinkafuna alowe sukulu yaboma, Sitandade 5, kuti adzalembe mayeso. Mlongo wanga wokhala pafupi ndi sukuluyo adavomera kumusunga. Ndidamukweza panjinga, tidapita.

Ahedi anali akumtunda, a m'chigawo chapakati. Adati sukulu ya pakhonde saidziwa, koma amuyesa. Adamupatsa buku, adawerenga osapunthwa. Adamupatsa masamu ogawa, adakhoza onse. Adalemba kapepala ka Sitandade 5 n'kumupatsa. Mwana adagwada, adalandira ndi manja awiri, nati, "Takhuta."

Kwathu, m'Chisena, kumeneko ndiko kuthokoza. Zikomo ankamudziwa, koma zikomo ndi wapamsika. Wamkulu akakuchitira chinthu chachikulu umati takhuta. Ndidamulera choncho ndine.

Ahedi adamulanda kapepalako.

"Wakhuta chiyani? Wakhuta sukulu usanaiyambe?"

Aphunzitsi awiri amene anali pakhomo adaseka. Ndidafotokoza kuti mwana sakunyoza, akuthokoza m'chilankhulo chakwathu. Pamenepo ndiye ndidaonongeratu. Ahedi adatembenukira kwa ine.

"Bambo, dziko lino chilankhulo n'chimodzi. Akayambire kumene amaphunzira kunena zikomo."

Adang'amba kapepala kaja, adalemba kena ka Sitandade 1.

Masiku amenewo nkhani ya chilankhulo sunkatsutsa. Unkatha kutengedwa, abale ako osadziwa kumene uli. Ndidaima chipewa chili m'manja, ndidati zikomo, tidatuluka. Panjira mwana adandifunsa kuti, "Baba, ndalakwa pati?" Ndidangopalasa njinga.

Anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Adamukhazika pansi pakati pa tiana tamamina, kuimba a, e, i, o, u. Anzake amsinkhu wake akamuona ankamufunsa ngati lero wakhutanso. Adapirira milungu itatu. Wachinayi adabwera wapansi kuchokera kwa azakhali ake, adalowa m'nyumba, adatenga khasu. Sindidamuletse.