Lamulo lachitatu la Mayi Aurica

Mayi Aurica Bălan asoka makolala a malaya zaka makumi atatu pafakitale ya m'tauni mwathu, ndipo zaka zonsezi sanakhulupirirepo munthu. Ukawapatsa moni ukumwetulira, amayamba aona ngati chikwama chawo n'chotseka. Amuna awo anathawira ku Italy ndi mkazi wogulitsa matikiti a basi. Kuyambira pamenepo, kwa iwo aliyense ndi mbava, kungoti ena sanagwidwe.

Khirisimasi ikamayandikira, antchito amasonkha katundu wa mabanja osauka: ufa, mafuta ophikira, majuzi, ngolo ya nkhuni. Chaka china mayiwa anaona juzi lomwe analuka okha litavalidwa ndi mlamu wa kapitawo Tănase. Kunagwa zake! Bwana wa fakitale anachita kuwapatsa pepala kuti malamulo alembe okha. Analemba atatu: wosafuna kusonkha asakakamizidwe, mabanja olandira azisankha ndi wansembe osatchula maina, ndipo wantchito kapena m'bale wake asalandire olo supuni. Lamulo lachitatuli ankalinyadira ngati mwana wobala okha.

Chaka chatha pepala la wansembe litamatidwa pakhoma la kantini, maso awo anakodwa pa banja lachinayi: gogo, mwamuna wake wofa ziwalo, adzukulu awiri, a kuseri kwa njanji, akusowa nkhuni.

"A Tănase, kuseri kwa njanji si kwanu kumeneko?"

"Amayi inu, kumakhala anthu mazanamazana. Tandisiyani ndidye."

"Idyani, idyani, n'zomwe mumatha. Lachisanu pamsonkhano ndibwera ndi dzina, nkhuni zimenezo sizichoka."

Lachinayi ataweruka anauyamba wapansi, chisanu chikuluma makutu. Anayenda khomo ndi khomo kuseri kwa njanji akuyang'ana machumuni. Nyumba imodzi yokha ndiyo sinkafuka utsi. Anagogoda mtima uli dyokodyoko, kuti lero mbava yagwidwa.

Amene anatsegula anali Sanda, wosoka mabatani, amene wakhala pamakina oyandikana ndi awo zaka khumi ndi ziwiri. Anali atavala chikhoti m'nyumba momwemo. Kumbuyo kwake tidzukulu take tiwiri tinali titafunda bulangete limodzi.

"Mwandipeza, achemwali," anatero Sanda. "Ndimadziwa kuti akhala inu."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Kuuza inuyo?"

Mayi Aurica anagwidwa manyazi mpaka kusowa poyang'ana. Anabwerera osatsanzika.

Lachisanu kantini inadzaza, ngakhale osasonkha anabwera. Tănase anapinda manja. "Dzina lija, amayi."

Mayi Aurica anaimirira. Sanda anali pakona, maso pansi.

"Ndafufuza," anatero. "Si anthu athu. Nkhuni zipite."

Palibe anaseka, palibe anawanyogodola. Anthu anangopumira m'mwamba n'kumatuluka. Zimenezi zinawadabwitsa, ndipo anamugwira Tănase mkono pakhomo.

"Bwanji simukundiseka? Mukubisa chiyani inu?"

Tănase anawayang'ana mwachifundo. "Amayi, za Sanda tonse tinazidziwa kalekale. Kwa wansembe tinapita ndife. Pafakitale yonse, amene timabisira ndinu nokha."