Chigubu cha Pakati pa Chingwe

Dzinja la chaka chimenecho, komiti ya madzi ya m'komboni ya George inaletsa amayi anga kutunga papompi chifukwa mng'ono wanga anapezeka m'chipinda ndi mwamuna mnzake.

Sanatiitane kuti atiuze. Amayi anangopeza chigubu chathu chili m'ngalande.

Inali nthawi imene makampani a boma ankagulitsidwa. Atate, ntchito itawathera, anabwerera ku Katete kukayesa ulimi. Tinatsala atatu m'zipinda ziwiri za lendi: amayi, ine ndi mng'ono wangayo. Madzi aulere anali atatha. Pompi yathu inali mumpanda wa waya, ndipo bambo wina woikidwa ndi komiti ndiye ankasunga kiyi, kutsegula m'mawa ndi madzulo.

Pamzere sipankaima anthu, pankaima zigubu. Ukaika chako, malo ndi ako, ukhoza kupita kukasesa. Zigubu zomangidwa chingwe chimodzi zinkawerengedwa za munthu mmodzi, ndipo mfundo ya mnzako sunkaimasula. Akazi anali atang'ambiranapo madiresi lamuloli lisanakhazikike, choncho aliyense ankalilemekeza.

Mng'ono wanga anali telala pakhonde la sitolo kumsika. Ntchito yake yaikulu inali kuchepetsa zovala za salaula, zovalidwapo kale, zobwera ndi misinkhu ya azungu. Mnzakeyo anali makanika wa maminibasi ku Matero. Lamlungu lina masana, mwana wa eni nyumba anakankha chitseko chathu, nakuwa. Makanika anathawira pawindo. Mng'ono wanga anamukokera panjira, anyamata anamumenya ndi matabwa, ena a iwo atavala mathalauza osokedwa ndi iye. Thabwa lina linali ndi msomali. Linang'amba mwendo kuyambira pansi pa bondo mpaka pakakolo.

Kukiliniki, munthu womenyedwa ankamufunsa kaye pepala la kupolisi. Kupolisi akanafunsa chimene anamumenyera, ndipo yankho lake linali la kundende zaka zambiri. Tinamugoneka pamphasa kunyumba. Chilondacho chinkafuna madzi oyera ndi mchere, m'mawa ndi madzulo.

Amayi anatola chigubu m'ngalande nakaonana ndi bambo wa kiyi.

"Ine sinikana, bamayo," anatero bamboyo. "Ni ba komiti. Bakuti vigubu vanu vizaleta matenda."

"Matenda yabwanji? Mwana wanga bamumenya, sanadwale."

"Amake mkazi wandevu, yendani kuchitsime!" anakuwa mayi wina kumbuyo. Anthu anaseka.

Tsiku lotsatira ndinapita ine. Sindinafike ngakhale pawaya.

"Onani, na bakulu babwela na chigubu! Nyumba ija yonse ni bakazi!" anakuwa wina pamzere.

"Ba sisi, chitenge mwasiya kuti?"

Pompi ya gawo lina inkafuna khadi la gawo limenelo, ndipo nkhani yathu inali itafikako kale. Chinatsala ndi chitsime cha kuseri kwa nyumba, dzenje losaya loyandikana ndi zimbudzi. Mvula ikagwa, madzi a m'chimbudzi ndi a m'chitsime ankafika msinkhu umodzi. Kolera inali italowa kale m'komboni. Tinkaona odwala akukankhidwa pawilibala. Amayi ankawiritsa madziwo mpaka makala atatha, koma ankatuwabe, ndipo pansi pa poto pankatsala matope. Chilonda chinayamba mafinya. Mng'ono wanga anatentha thupi, milomo inauma, ankangopempha madzi akumwa. Amayi ankamupatsa ndi supuni, nkhope atayang'ana kumbali.

Amayi a bungwe losonkhana Lachinayi kutchalitchi kwathu, amene ankafika pakhomo lililonse la wodwala, kwathu sanafike. Abusa anatumiza mawu akuti adzabwera mnyamatayo akakonzeka kulapa.

Amene anabwera ndi mayi wogulitsa vitumbuwa pakona, wamkamwa, amene amayi sankalankhulana naye kuyambira pamene anakangana za madzi otsukira mbale. Analowa osaodira, navundukula nsalu ya pamwendo.

"Ichi chilonda chanunkha. Musuka na chani?"

Amayi analoza poto.

"Muzamupaya. Nipaseni chigubu."

"Baneba, bazakuchosani na imwe papompi," anatero amayi.

Mayiyo anakhala pampando wa makina osokera, natsitsa mawu, chinthu chimene ndinali ndisanamumvepo akuchita.

"Mwana wanga ali ku Chawama. Mkazi. Ankala na mkazi mnzake, ni zaka manje. Nimauza bantu ati ni msuweni wake. Msuweni wa kuti? Ine babululu banga nibaziba bonse." Kenaka anatembenukira kwa wodwala. "Na iwe, George yonse iyi unasoba loko ya chitseko?"

Mng'ono wanga anaseka, koyamba chimumenyereni, kenaka analira.

M'mawa ndinaima patali ndi pompi. Chigubu chathu chinali chodziwika: chachikasu, cha mafuta ophikira, chopserera pambali pamene simbi yamakala inachikhudza. Mayi uja anachiika pakati pa zake ziwiri, chingwe chimodzi chitadutsa m'zogwirira zonse.

"Ichi cha pakati nichiziba," anatero bambo wa kiyi.

"Muziba vigubu kupambana bakazi banu. Ntambo ni yanga. Masulani tione."

Bamboyo anawerama, nagwira mfundo. Mzere wonse unali ndi mfundo zotero, ndipo eni ake maso anali pa zala za bamboyo. Mmodzi anatsokomola. Bamboyo anaweramuka, napukuta manja pathalauza, natsegula madzi.

Tsiku limenelo amayi anatsuka chilonda mpaka chinatuluka magazi ofiira, ndipo mng'ono wanga anamwa kapu yodzaza. Koma chigubu chimodzi sichikwanira kutsuka bala, kumwa, kuphika ndi kuchapa nsalu za mafinya. Dzuwa lisanapendeke chinali chitauma.

Mayi wa vitumbuwa anayenda makomo amene ankawadziwa yekha. Mayi wina wamasiye, amene mwana wake wamwamuna anapita ku Kitwe osabwereranso ngakhale pamaliro a atate ake, anatenga ndowa yathu naimanga pamodzi ndi zake. Wina analibe chobisa chilichonse, anangoti, "Ananisokela yunifomu ya mwana." Madzulo akaziwa ankakhala pakhomo pathu. Wamasiye uja ankangofunsa amayi ngati mnyamata wadya.

Kutentha thupi kunatsika, koma mwendo unali wotupabe mpaka m'bondo, ndipo chala ukadina pankatsala dzenje. Amayi anati madzi akaduka masiku awiri okha, tibwerera pamene tinali. Eni nyumba anali atanena kale kuti mwezi ukatha tichoke. Mayi wa vitumbuwa nayenso anayamba kubwerera ndi beseni lodzaza. Anthu ankadutsa kukagula kwina.

Lachisanu bambo wa kiyi analengeza pawaya kuti komiti ikumana mawa lake, pompi isanatsegulidwe, kuti ithetse lamulo la chingwe: chigubu chilichonse chizikhala ndi mwini wake ataima pambali. Ena anaombera m'manja. Ena ambiri, a ana aang'ono ndi a malonda a m'mawa, anang'ung'udza, koma kung'ung'udza kwawo kunali kwa ife.

Madzulo ake mayi wa vitumbuwa anamasula chingwe chake choyanikira zovala, chachitali kuchokera pamtengo wa mango mpaka pachimbudzi, nabwera nacho kwathu chili chokulunga pamkono.

"Mailo kukacha nizamanga vigubu vonse va aliyense wamene afuna," anatero. "Bakamasule bali pamenso pa bantu."

"Nanga bakakana bantu?" anafunsa amayi.

"Tizankala batatu, ine na banzanga babili baja. Imwe muzaimilila pafupi na ine."

Amayi anali asanapondeko papompi chiyambire tsiku lowatukwana lija. Anatsanulira madzi otsala m'poto wa wodwala, natula chigubu chopanda kanthu pafupi ndi chitseko. Komiti inali yoti ikumane kukacha.