Kampando Kamene Ndinakwera Nako Basi

Mundikhululukire polemba izi, ine amene sukulu ndinayambira pansi pa mtengo ndipo zolembalemba sindinazizolowere. Kungoti nkhaniyi imandibwererabe m'maganizo.

Nditangofika ku Etobicoke, kutsidya kwa nyanja, ntchito yanga inali kuperekeza mwana wa achemwali anga kusukulu, popeza iwo ankalawirira kukasamalira okalamba. Mwanayo anali mu giredi yoyamba, wamanyazi ngati ineyo. Chingerezi chinkamuvuta, ndipo pasukulu ponsepo ankayankhula ndi munthu mmodzi yekha: aphunzitsi ake, mayi wodekha amene ankanjuta pomulankhula.

Chakumapeto kwa Seputembala aphunzitsiwo anandiimitsa pachipata. Anati chaka chikayamba sukulu imawerenga ana m'kalasi iliyonse n'kutumiza chiwerengerocho ku ofesi yoyang'anira masukulu a m'deralo. Kalasi yawo inapitirira malire, choncho ana ena asamutsidwira kwa mphunzitsi watsopano, ndipo wathuyu ali m'gulumo.

Ndinagwedeza mutu mwaulemu, koma sindinamvetse. Kwathu kalasi sinkadzaza. Wobwera mochedwa ankangoti "tasunthako" n'kukhala pa njerwa. Ndiye ndinaganiza kuti chasowa ndi mipando.

M'mawa mwake ndinatenga kampando kapulasitiki ka kubafa, ndinakatsuka bwinobwino, n'kukwera nako basi.

"Madamu, ndabweretsa pokhala," ndinatero m'Chingerezi changa chothyokathyoka. "Azikhala pakona. Ndi wochepa thupi, sadya malo."

Aphunzitsi anakayang'ana kampandoko kwa kanthawi. Sanaseke. Anandilowetsa m'kalasi n'kundionetsa mipando yopanda eni itasanjikizidwa kukhoma.

"Mipando ilipo," anatero. "Woperewera ndine. Ana aang'ono akachuluka, sindingamve aliyense akuwerenga."

Achemwali atamva anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Iwe! Ukanatenganso njerwa, ya mnzake! Ukuyesa kuno ndi kwanu kuja?"

"Kwanu? Si kwathu tonse, achemwali?"

"Tasiya zimenezo. Kampando kanga wabwera nako?"

Ndinaseka nawo, koma mawu a aphunzitsi aja sanandichoke. Ifenso tinkawerengedwa. Tsiku lowerenga likafika, aphunzitsi aakulu ankatituma kukaitana anzathu kumadimba kuti chiwerengero chikwane, ndipo sindikudziwa kuti chinkapita kuti. Ndinakhala m'kalasi zaka zingapo, kumbuyo, ndikutsegula pakamwa pamodzi ndi anzanga, popanda mphunzitsi wodziwa mawu anga. Sindikuwada. Munthu mmodzi akanamva bwanji khamu lonselo?

Mwana wathu uja sanatsale m'kalasi muja. Analira, anakana chakudya. Aphunzitsi ake akale ndi amene anamugwira dzanja mpaka pakhomo la atsopanowo, ine ndili pambuyo ndi chikwama chake.

"Uyu amayankha ndithu," ndinawamva akutero, "bola mumudikire."

Mwanayo anaima pakhomopo, kenako anandilanda chikwama n'kulowa yekha. Linali Lolemba loyamba la Okutobala.